Lipoti la opaleshoni: kutseka galu wamkazi podzera pa timabowo tiwiri, ndi kapamba amene analasidwa polowa

Galu ndi chimene anabwerera

Galu wamkazi wa mtundu wa Labrador, wa miyezi 20, wolemera makilogalamu 31, anabwera naye mayi wina amene ankafuna kuti atsekedwe asamabereke. Galuyo anali atalowa kale m'nyengo yofuna amuna kawiri, sanakhalepo ndi bere, ndipo katemera yense analandira. Ananenepa mopitirira muyeso: nthiti zinkamveka pokhapokha ndikakanikiza ndi zala, chiuno chili chokwiririka.

Tsiku loyamba ndinakana kumuchita opaleshoni. Panali patangodutsa masabata 6 chithereni nyengo yake yachiwiri, mawere ali otupa, ndipo nditafinya pang'ono panatuluka timkaka. Mayiwo anati kunyumba galuyo akumatolera nsanza ndi zidole n'kumazigonera ngati ana ake. Limeneli ndi bere labodza. Galu akamaliza nyengo, homoni ya progesterone imakhala yokwera kwa miyezi pafupifupi iwiri, kaya watenga bere kaya ayi, ndipo ikamatsika, homoni ya mkaka, prolactin, imakwera. Ukachotsa timatumba ta mazira pa nthawi imeneyi progesterone imagwa mwadzidzidzi, ndiye bere labodza lija limatha kukula kapena kukakamira nthawi yaitali. Ndinawauza kuti, "Mayi, timudikire mkaka uume kaye. Mubwere naye pakatha miyezi iwiri." Anabweradi pa sabata la 15 chithereni nyengo ija, mawere ataphwa, galu atasiya zogonera nsanza.

Zimene tinakambirana

Ndinasankha kuchotsa timatumba ta mazira tokha, chiberekero n'kuchisiya, m'njira ya laparoscopy. M'mimba mumapopedwa mpweya kuti mupezeke malo, pamimba n'kuboola timabowo tiwiri, kena kolowetsera kamera, kena kolowetsera zida, dokotala n'kumagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini.

Mayiwo anafunsa zimene pafupifupi aliyense amafunsa: "Adokotala, nanga chiberekero mukachisiya, sichidzachita mafinya?" Funso limeneli ndi lomveka, chifukwa nthenda ya mafinya m'chiberekero, pyometra, imapha. Kafukufuku wa ku Sweden, woona agalu olembetsedwa ku inshuwalansi, anapeza kuti pafupifupi galu mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse osatsekedwa amadwala nthendayi asanafike zaka 10. Koma gwero lake ndi progesterone, imene imakhuthalitsa m'kati mwa chiberekero n'kuchitseka khomo, tizilombo n'kupeza poswanirana. Timatumba tikachoka, homoniyo palibenso, chiberekero chimafota n'kungokhala ngati kachingwe. Ku sukulu ya madokotala a ziweto ya yunivesite ya Utrecht, ku Netherlands, akhala akuchotsa timatumba tokha kwa zaka zambiri, ndipo atalondoloza agalu awo kwa zaka zingapo sanapeze kuti kusiya chiberekero chabwinobwino kumabweretsa nthendayi. Pali zinthu ziwiri zofunika kuti zimenezi zikhale zoona: kathumba kachoke konse osatsalako ngakhale kachibenthu, ndipo galuyo asadzabayidwenso mankhwala okhala ndi homoni ya mtundu wa progesterone.

Ndinawauzanso zimene eni agalu sakonda kumva. Galu wotsekedwa amanenepa msanga. Ena, makamaka a mitundu ikuluikulu, pakapita zaka amayamba kudontheza mkodzo akagona, ndipo zimenezi sizitengera kuti anatsekedwa m'njira iti. Chomaliza, chimene ndinawalembetsa pa fomu, n'chakuti zikavuta m'kati ndidzang'amba mimba monga mwa nthawi zonse, osayamba ndawaimbira foni. Anasaina.

Kupima ndi kugonetsa

Kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.6, mtima unkagunda ka 104 pa mphindi popanda phokoso lachilendo, nkhama zili zofiira bwino. Mlingo wa maselo ofiira a magazi, PCV, unali 46 peresenti, ndipo zoyeza za impso ndi chiwindi zinali bwino. Sikani inaonetsa chiberekero chopyapyala, chopanda madzi.

Galuyo anali wamantha, akunjenjemera ndi kupuma wefuwefu, choncho pa mankhwala omukhazika mtima pansi ndinaphatikiza acepromazine, 0.02 mg pa kilogalamu, ndi methadone, 0.3 mg pa kilogalamu. Za acepromazine ameneyu ndibwererakonso. Tinamugonetsa ndi propofol, n'kuika chubu pakhosi, n'kupitiriza ndi isoflurane, makina akumupumitsa. Tinamuika diripi, tinafinya chikhodzodzo kuti mkodzo utuluke, ndipo tinameta mimba yonse kuyambira pachifuwa mpaka pachinena, n'kukwera m'mbali mpaka pakati pa nthiti. Timameta malo aakulu chonchi chifukwa ulusi wopachikira timatumba umalowera m'mbali, komanso kuti pakhale pokonzeka ngati pangafunike kung'amba. Zida za opaleshoni yong'amba zinali pa tebulo lina, zophikidwa kale.

Polowa

Ndinalowa ndi singano ya Veress, masentimita awiri kumunsi kwa mchombo. Singano imeneyi ili ndi kachitsulo kobuntha m'kati mwake, kokhala pa sipuling'i. Ikamaboola mnofu kachitsuloko kamabwerera m'mbuyo, ikangotulukira m'mimba kamadumphira kutsogolo n'kuphimba nsonga, ndipo dzanja limamva kuti "tyo". Ndinakweza khungu la mimba, ndinalozetsa singano chakumchira ndi chakumanja, kuthawa kapamba (spleen, chiwalo chosunga magazi) amene amakhala kumanzere. Koyamba sindinamve kanthu, chifukwa mafuta anali ochuluka, ndipo dontho la madzi limene ndinaika pa singano silinayamwidwe. Ndinazula pang'ono n'kukankhanso, ulendo uno mozamirako. Dontho linalowa. Tinayamba kupopa carbon dioxide pang'onopang'ono mpaka 10 mmHg (mmHg ndi muyeso wa mphamvu ya kupanikiza), mimba inafufuma mofanana mbali zonse, ndipo ndinaika chubu cha mamilimita 5 n'kulowetsa kamera.

Chithunzi chitangowala pa sikirini, mtima wanga unangoti myuu. Pa mafuta okuta matumbo panali mzere wa magazi, uli psuu. Nditaulondola ndi kamera unandifikitsa pa kapamba. Anali wamkulu, wofiira moderako, atadutsa pakati pa mimba mpaka chakumanja, pansi penipeni pa malo amene ndinalowetsera singano. Pamwamba pake panali kabala ka mamilimita ngati 4, magazi akutuluka mosalekeza, osati motumphuka, koma ngati thukuta lotsika pamphumi.

Ndinauza namwino woyang'anira makina kuti aziwerenga manambala mokweza mphindi iliyonse. Kuthamanga kwa magazi kwa pakatikati kunali 74 mmHg, mtima ka 88. Ndinanena mokweza malire anga, kuti aliyense m'chipindamo amve komanso kuti ndisadzadzinyengerere ndekha: kuthamanga kwa magazi kukatsika kufika pa 60, kapena magazi akayamba kuchita chithaphwi m'mbali mwa chikhodzodzo, kapena pakatha mphindi 10 asanaleke, tikung'amba.

Kabowo kachiwiri, ka mamilimita 10, ndinaboola pakati pa mchombo ndi chinena, kamera ikuona nsonga ikulowa. Ndinapinda gozi kukhala kampukutu, ndinalowetsa ndi chopanira, n'kukanikiza pa kabala kaja. Kenako panalibe china chochita koma kudikira. Mphindi 5 za pa wotchi zimatalika dzanja likamagwira chitsulo chimene kumapeto kwake kuli chiwalo chotuluka magazi, ndipo mtima umafunitsitsa kukweza gozi kuti uone. Ukakweza msanga umachotsa magazi amene ayamba kuundana, n'kuyambiranso pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zitakwana mphindi 5 ndinakweza pang'onopang'ono, ndipo pa kabalapo panali kachigamba kakuda ka magazi oundana, m'mbali muli gwa.

Sindinakhulupirire nthawi yomweyo. Mpweya wa m'mimba umapanikiza timitsempha ting'onoting'ono, ndiye bala limatha kuoneka louma pamene langotsekedwa ndi mpweyawo. Tinatsitsa mpaka 5 mmHg, ndinayang'anitsitsa mphindi zina ziwiri, osaona dontho. Ndinatulutsa gozi, namwino anawerenga kuti yabwerera, ndipo ndinakokera mafuta okuta matumbo aja pamwamba pa kabalako. Kuthamanga kwa magazi sikunatsikepo kupitirira 70.

Kuchotsa timatumba

Nthawi zambiri ndimayambira kumanzere. Tsiku limeneli ndinayambira kumanja dala. Kuti kathumba ka kumanja kaoneke, galu amapendekedwa chakumanzere, matumbo n'kutsetserekera komweko, ndipo kapamba amagona pansi osakhudzidwa. Ndinkafuna kuti magazi oundana aja apeze nthawi yolimba ndisanayambe kumusuntha.

Kathumba ka kumanja kamakhala m'mwamba kuposa ka kumanzere, kuseri kwa impso, ndipo mwa galu sikaonekera poyera. Kamakutidwa ndi nembanemba yodzaza mafuta, moti mwa galu wonenepa ngati uyu umangoona chibuma chachikasu. Ndinalondola nyanga ya chiberekero kuchokera kumunsi mpaka pamene yathera, ndinagwira kamnyewa koyera kolumikiza nyangayo ndi kathumba, n'kukwezera ku khoma la mimba. Titathimitsa magetsi a m'chipinda, kuwala kwa kamera kunaonekera pakhungu kunja, n'kutisonyeza pamene palibe mtsempha wa magazi. Pamenepo wothandizira analowetsa singano yokhota yokhala ndi ulusi, inakola kamnyewa kaja n'kutulukiranso kunja. Kathumba kanalendewera, zonse zofunika kudula zili poyera, kutali ndi matumbo.

Ndinadula ndi LigaSure ya mamilimita 5, chida chimene chimapana mtsempha, kuuwotcherera ndi magetsi mpaka makoma ake atamatirana, kenako n'kudula. Chinapangidwa kuti chizitseka mitsempha yosapitirira mamilimita 7 kukula kwake. Ndinayamba ndi mnyewa wolimba umene umamangirira kathumba chakunthiti yomalizira, kenako mtsempha waukulu wa magazi wopita ku kathumba, umene ndinauwotcha malo awiri ndisanadule chifukwa cha mafuta, n'kumalizira ndi nsonga ya nyanga ya chiberekero. Mbali imeneyi ndimasamala kwambiri kutentha, chifukwa gawo loyamba la matumbo ndi chiwalo chopanga insulini zimakhala pafupi, ndipo milomo ya chidacho imakhalabe yotentha kwa kanthawi ukangomaliza kuwotcha. Ndinasiya kathumbako kali pa ulusi wake.

Apa namwino ananena kuti carbon dioxide wotuluka popuma wakwera kufika pa 52 mmHg. Zimachitika: thupi limayamwa mpweya wa m'mimba uja, komanso mimba yofufuma imakankha nembanemba yolekanitsa chifuwa ndi mimba, mapapo n'kuchepekedwa malo. Tinaonjezera kapumidwe ka makina, tinasiya mpweya wa m'mimba pa 8 mmHg, ndipo nambala inabwerera pa 44.

Titapendekera chakumanja, kapamba anagudubuka n'kuphimba kathumba ka kumanzere. Ndinamukankha ndi mbali ya chitsulo chobuntha, osati nsonga, kutali ndi kabala kaja. Zina zonse zinayenda monga kumanja.

Potulutsa, chibuma cha kumanja chinakana kudutsa pa kabowo ka mamilimita 10. Sindinakakamize, chifukwa kathumba kakaphwanyika pakhomo kachibenthu kamatha kugwera m'mimba n'kumera, galu n'kudzayambanso kufuna amuna patapita miyezi. Ndinakulitsa kabowo kufika mamilimita ngati 15, zibuma zonse ziwiri zinatuluka bwino. Ndisanasoke ndinazing'amba pa gozi. M'kati mwa mafuta munali timatumba tiwiri tosalala, ngati nyemba yaikulu kukula kwake, tathunthu, tili ndi mnofu wotsala mbali zonse. Chimenechi sindidumpha ngakhale ndichedwe bwanji.

Ndinabwezeretsa kamera, ndinaona zitsa zonse ziwiri ndi kapamba pa 5 mmHg, zonse zili zouma. Magazi amene anatsala m'mimba anali ochepa, osafika sipuni ziwiri m'kuona kwanga. Tinatulutsa mpweya wonse pofinya mimba, chifukwa wotsalira umawawitsa galu akadzuka. Ndinasoka mnofu wa timabowo tonse ndi ulusi wosungunuka wokha, ndinabaya bupivacaine wochititsa dzanzi, khungu n'kulisoka cham'kati. Opaleshoni inatenga mphindi 52, pamene masiku ena imatha m'mphindi 25 kapena 30.

Atadzuka

Meloxicam, mankhwala ochepetsa ululu amene ndimapereka kumayambiriro, tsiku limeneli ndinamuchedwetsa mpaka galu atadzuka ndipo kuthamanga kwa magazi kwakhazikika, poteteza impso. Patatha maola 4, PCV inali 42, nkhama zili zofiira, sikani osaonetsa madzi ochuluka m'mimba. Gawo lina la kutsikako linabwera ndi diripi komanso acepromazine yemwe uja. Pa muyeso wa ululu wa Glasgow, umene umafika pa 24 ndipo galu amafunika mankhwala oonjezera akafika pa 6, iye anali pa 2. Madzulo anayenda yekha kukakodza, anadya pang'ono, akugwedeza mchira.

Agalu otere amapita kwawo tsiku lomwelo, koma uyu ndinamugoneka. Ndinawaimbira mayi aja n'kuwauza mosabisa kuti, "Mayi, opaleshoni yatha bwino ndipo galu wadzuka, koma polowa singano yanga inalasa kapamba. Magazi aleka, komabe ndikufuna agone kuno kuti ndimuyezenso m'mawa." Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati akumva ululu. M'mawa PCV inali 41, ndipo anapita kwawo ndi mankhwala a masiku 4, atauzidwa kuti galu aziyenda pa chingwe basi kwa masiku 10, osathamanga kapena kudumpha. Ndinatalikitsa masiku chifukwa cha kapamba. Tsiku lachitatu pa kabowo kokulitsidwa kaja panatupa pang'ono, madzi chabe, osatentha, ndipo panaphwa pokha. Tsiku la 10 timabala tonse tinali titapola.

Mmene ndikuionera nkhaniyi

Zinthu zitatu zinakumana, ndipo zonse zinali m'manja mwanga. Acepromazine amafewetsa minofu ya kapamba, magazi n'kudzazamo, kapamba n'kukula, ndipo zimenezi n'zodziwika. Galu atagona sindinapapase mimba kuti ndimve pamene kapamba wafika. Ndipo singano itakana koyamba ndinakankhanso mozama, pamene chanzeru chinali kuizula n'kusintha njira. Singano imeneyi anaipanga dokotala wa ku Hungary, János Veres, m'zaka za m'ma 1930, kuti azilowetsera mpweya m'chifuwa cha odwala TB. Ndi chida chabwino, koma chimalowa mumdima. Mu 1971 Harrith Hasson wa ku America anafotokoza njira ina: kucheka pang'ono, kuona mnofu uliwonse ndi maso mpaka m'kati, n'kulowetsa chubu chobuntha. Nayonso si yopanda ngozi, ndipo mwa galu wamafuta imavuta komanso mpweya umatha kumathawira m'mbali. Komabe kuyambira tsiku limenelo ndimalowa choncho mwa galu aliyense wonenepa, ndipo acepromazine ndinamuchotsa pa mankhwala a opaleshoni imeneyi.

Ngakhale zinatero, njirayi ndimaikhulupirira, koma osati pa chifukwa chimene anthu amakonda kutchula. Ambiri amakamba za kuchepa kwa chipsera. Dokotala waluso amatha kutseka galu wamng'ono pa bala la masentimita atatu kapena anayi, ndipo khungu si pamene pamachokera ululu waukulu. Pa opaleshoni yong'amba, kuti kathumba katuluke kunja pamafunika kukoka kapena kudula ndi chala mnyewa uja wa kunthiti, m'malo amene maso saona bwino. Aliyense amene anachitapo amadziwa mmene mtima wa galu umathamangira pa nthawi imeneyo, ngakhale ali mtulo tofa nato. Pa laparoscopy kathumba kamadulidwa pamalo pake, osakokedwa, mtsempha uliwonse ukuoneka waukulu pa sikirini. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2009, amene anamangirira agalu ang'onoang'ono kachida koyeza mayendedwe, anapeza kuti m'masiku oyamba ochitidwa yong'amba anachepetsa kuyendayenda ndi 62 peresenti, pamene a laparoscopy anachepetsa ndi 25 peresenti. Zikugwirizana ndi zimene ndimaona. Zimandikhudzanso ndikakumbukira kuti cholengedwa choyamba kuonedwa m'mimba m'njira imeneyi chinali galu, mu 1901, pamene Georg Kelling wa ku Dresden anapopa mpweya m'mimba mwake n'kusuzumira ndi chida choonera m'chikhodzodzo. Anthu anapindula nayo poyamba, agalu inawabwerera patapita zaka zambiri.

Sindiigwiritsa ntchito pa galu aliyense. Wa bere, wa chiberekero chodzaza mafinya, wa mtima kapena mapapo ofooka, kapena amene nembanemba yake ya pachifuwa inang'ambikapo, ndimamung'amba kapena kuyamba ndathana ndi vuto linalo. Zida zake n'zodula, pamafunika makina opumitsa ndi munthu amene maso ake ali pa manambala nthawi yonse. Opaleshoni yong'amba yochitidwa bwino ndi yabwino ndithu, ndipo mwini galu amene wasankha imeneyo sanalakwire chiweto chake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "kaopaleshoni kakang'ono", amene eni agalu amanena akaona timabowo, ndipo nthawi zina ifenso timawabwereza. M'kati mwa galu uyu munadulidwa mitsempha yomweyo imene imadulidwa pa yong'amba, anagonetsedwa ndi mankhwala omwewo, ndipo kwa mphindi 5 panali kuthekera kwenikweni kong'amba mimba yonse.

Patatha miyezi 8 mayi aja anabwera naye kudzabayitsa katemera. Sanaonetsepo chizindikiro chilichonse cha nyengo, mawere anali ouma, mkodzo sunkadontha. Chakudya anali atamuchepetsera monga tinagwirizana, ndipo sikelo inaonetsa makilogalamu 28.5. Ndinawapempha kuti ndimuunikenso ndi sikani, anavomera. Kapamba anali wa msinkhu wake, wosalala, ndipo pamene panali kabala sindinapapeze. Ubweya unali utamera, moti mayiwo anachita kupapasa ndi chala kuti andisonyeze kachipsera ka kumunsi.